Phunziro la Mwezi Uno: Za Kukonza Nyumba Yakale

Mwezi uno tifuna kuphunzira pamodzi za nyumba zakale ndi makonzedwe ake. Palibe mudzi m'dziko lino wopanda nyumba yotere. Zambiri zinamangidwa ndi atate athu ndi agogo athu amene anapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku minda ya ku Rhodesia, dziko limene lero litchedwa Zimbabwe, nabwera nazo ndalama zogulira malata. Zina zinamangidwa ndi aphunzitsi, ndi alimi a fodya ndi a thonje. Kulemba anthu a ku migodi kwa Wenela, imene pambuyo pake inatchedwa TEBA, kunatha m'dziko lino chaka cha 1988. Chifukwa chake nyumba zambiri za ndalama zimenezo zafika zaka 40 kapena 50, ndipo zina zapitirira. Eni ake ambiri anatsikira kulichete, ndipo okhalamo lero ndiwo akazi amasiye, ndi adzukulu, ndi nkhalamba zopanda mphamvu ya kukwera pa tsindwi.

Nkhani iyi si ya kukongoletsa mudzi kokha ai, koma ndi ya moyo. Khoma lofoka siligwa nthawi ya chilimwe anthu ali pabwalo. Kawirikawiri ligwa m'dzinja, mvula itagwa masiku ambiri, ana ali m'tulo pansi pake. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy anagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kumwera. Anthu mazanamazana anafa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Kumene phiri linagumuka palibe nyumba ikadaima. Koma m'midzi yambiri nyumba zinagwa chifukwa makoma ake anamwa madzi m'munsi, nafewa. Chakudza sichiimba ng'oma. Tiyeni tsono tione bwino chimene tiyenera kuchita nyengo ikali yabwino.

I. Kodi nyumba ya dothi ikhalitsa?

Ena anena kuti nyumba yomangira dothi ili ndi zaka zake zowerengeka, ndi kuti zikakwana palibe chochita koma kuigwetsa. Mau awa sali oona. Taonani nyumba ya Mandala mu mzinda wa Blantyre. Inamangidwa chaka cha 1882 kuti muzikhala akulu a kampani ya African Lakes, imene anaitsogolera John Moir ndi mbale wake Frederick. Ndipo dzina lija la Mandala ndilo limene anthu anapatsa John chifukwa cha mandala amene ankavala m'maso. Nyumbayo ndi yosanja, ya njerwa ndi dothi, ndipo yapitirira zaka 140 ili chiimire. Chimene mlendo ayamba kuona pofika pamenepo ndilo khonde lalikulu lozinga nyumba, limene litchinjiriza makoma kuti mvula isawawombe. Mu mzinda womwewo muli tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891 ndi David Clement Scott, munthu wosaphunzira umisiri wa nyumba, pamodzi ndi anthu a m'dziko lino amene anaumba ndi kuotcha njerwa zake. Dothi lathu lomweli ndilo laima zaka zonsezi.

Kutali ku dziko la Mali, mu mzinda wa Djenné, kuli mzikiti waukulu wa zidina zosaotcha, womangidwa chaka cha 1907. Chaka ndi chaka anthu a mzindawo asonkhana, ena kuponda dothi, ena kutunga madzi, ena kukwera pa mitengo yotulukira m'makoma, imene omanga anaisiya dala, namata nyumbayo mwatsopano. Akadaleka zaka zowerengeka, mvula ikadaisungunula.

Tiphunzirapo ichi: chogwetsa nyumba si ukalamba, koma madzi, ndi chiswe, ndi kuilekerera kwa eni ake. Wodziwa adani atatu amenewa wadziwa poyambira.

II. Yambani ndi kukambirana

Musanagule thumba la simenti, musanakhudze njerwa ngakhale imodzi, khalani pansi ndi abale, mudziwe kuti nyumbayo ndi ya yani. Nyumba zambiri zabwino zagwa chifukwa ana a mwini wake anaopa kutayirapo ndalama zao, poganiza kuti mawa wina adzawatulutsamo; ndipo zina zakonzedwa bwino, koma pambuyo pake zabala udani wa pachibale. Itanani mwini mbumba ndi a malume, ndipo a mfumu akhale mboni. Munene poyera amene adzakhalamo, amene adzapereka ndalama, ndi amene adzapereka mphamvu za manja. Ndipo mau amenewa alembedwe pa pepala.

Kumbukiraninso kuti lamulo la dziko lino la chuma cha masiye, la chaka cha 2011, liika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Munthu asayese kukonza nyumba ya malemu mbale wake kuti apeze njira ya kutulutsiramo mlamu wake. Wothandiza athandize ndi mtima woyera.

III. Kuyendera nyumba

Sing'anga wanzeru sapereka mankhwala asanaone nthenda. Chomwecho nyumba iyenera kuyenderedwa kawiri: kamodzi mvula yaikulu ili kugwa, kamodzi m'chilimwe. Tengani kope ndi pensulo, mulembe zonse muziona.

Mvula ili kugwa, onani podontha, ndipo mulembe chizindikiro ndi khala pa mtengo wa pamenepo. Tulukaninso muone kumene madzi a pa tsindwi agwera, ndi pamene aima osayenda. M'chilimwe, lowani masana, mutseke chitseko ndi mazenera, muyang'ane kumwamba: paliponse pooneka kuwala pali chiboo. Gogodani pulasitala ndi chala. Polira ngati ng'oma ndi pamene walekana ndi khoma. Bayani mitengo ya tsindwi ndi nsonga ya mpeni, makamaka kumapeto kwake kumene ilowa m'khoma, pakuti ndiko iyamba kuvunda. Mpeni ukalowa mosavuta, mtengowo watha. Chitseko chimene kale chinkatsekeka bwino, koma tsopano chikulimba, chinena kuti khoma lasuntha.

Potsiriza mangani mwala ku chingwe, muulendewetse kuchokera pamwamba pa khoma, muone ngati khomalo laima chilili. Khoma la masentimita 23 kuchindikala kwake likapendekeka kuposa masentimita 4, ndiko kuti ngati zala ziwiri, musagonenso pansi pake kufikira mmisiri wodziwa ataliona. Lichirikizeni ndi mitengo tsiku lomwelo. Safunsa anadya phula.

Ilipo nyumba yosayenera kuikonza. Ngati maziko atitimira mbali zonse, kapena makoma onse apendekeka, kapena nyumbayo inamangidwa m'njira ya madzi osefukira kapena m'tsinde mwa phiri logumuka, musatayepo chuma chanu. Madzi saiwala khwawa. Iphwasuleni bwinobwino, kuyambira pamwamba, mutole njerwa ndi mitengo ndi zitseko, mukamange pamalo pabwino. Njerwa zomangira dothi zichoka zamphumphu, ndipo kuzigwiritsanso ntchito kupulumutsa mitengo yambiri imene ikadatha pootcha uvuni watsopano.

IV. Tsindwi

Nyumba ikakhala yoyenera kukonza, ntchito yoyamba ndi ya tsindwi. Tiwerenge pang'ono kuti tidziwe chifukwa chake. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ipereka lita imodzi ya madzi. Tsono tsindwi la mamita 8 m'litali ndi 6 m'lifupi, m'dera lolandira mamilimita 1,000 pa chaka, lilandira malita 48,000, ndiyo migolo 240 ya malita 200. Madzi onsewa ayenera kupita kwina. Akapanda kuonetsedwa njira, adzaipeza okha m'makoma mwanu.

Malata okutidwa dzimbiri pamwamba pokha angapulumuke: akwecheni ndi burashi ya waya, muwapake utoto woletsa dzimbiri. Obooka m'malo ambiri achotseni, mukafolere khola. Pogula atsopano dziwani kuti nambala ya geji ikachepa, lata lichindikala: la geji 28 lilimba koposa la geji 32, ndipo ngakhale mtengo wake uli wokwera, likhalitsa. Pokhoma, msomali ulowe pa msana wa lata, si m'khwawa mwake moyenda madzi ai. M'mbali malata asanjikizane msana umodzi ndi theka, ndipo kumapeto masentimita 15 kapena kuposa.

Mphepo yamkuntho sikankha tsindwi pansi, koma ilinyamula monga inyamula lichero. Miyala imene ambiri aika pamwamba pa malata siithandiza kwenikweni: isunga chinyezi ndi kubala dzimbiri, ndipo ikagwa ingaphe mwana. Njira yoona ndiyo kumanga mitanda ndi mapaso ndi waya wochindikala, wayayo napyola m'khoma pansi pa mizere inai kapena isanu ya njerwa, kuti kulemera kwa khoma kugwire tsindwi.

Tsindwi la udzu lifuna kutsetsereka kwambiri, madigiri 45, ndiko kuti likwere mkono umodzi pa mkono uliwonse wa m'mbali; likakhala lathyathyathya, madzi achedwa pamenepo ndi kuvunditsa udzu. Ndipo tsindwi lililonse, la udzu kapena la malata, litulukire kunja kwa khoma masentimita 60 kapena kuposa. Wokhala ndi mphamvu aonjeze khonde ku mbali imene mvula iwombera. Kumbukirani nyumba ya Mandala ija.

V. Madzi a pansi

Tsindwi litatha, tsikirani ku maziko. Njerwa imwa madzi a m'nthaka monga chingwe cha nyali chimwa palafini. Madziwo akwera m'khoma, natenga mchere wa m'dothi. Pouma asiya mcherewo mkati mwa njerwa, ndipo mchere uphwanya njerwa pang'onopang'ono. Ndicho chifukwa chake nyumba zakale zambiri zidyeka m'munsi, kufikira m'mawondo, pamene pamwamba pali pabwino.

Zinthu ziwiri zichitika pa bwalo la nyumba yakale. Pena tsache la zaka zambiri pamodzi ndi mvula zakokolola dothi, maziko nakhala poyera. Pena dothi la kumtunda lasonkhana ku khoma, kotero kuti bwalo lakwera koposa pansi pa m'nyumba. Zonse ziwiri ndi zoipa. Pansi pa m'nyumba payenera kukwera masentimita 15 kapena kuposa pamwamba pa bwalo, ndipo bwalo litsetsereke kuchoka ku khoma mbali zonse. Pokokoloka thiranipo katondo, mutsindire zolimba, mumange guwa lozinga nyumba. Pokwera palanipo ndi khasu. Kumbani ngalande ku mbali ya kumtunda, yolandira madzi asanafike pa nyumba, muwatsogolere ku nthochi kapena ku dzenje lakutali. Bafa, ndi potsukira mbale, ndi maluwa othirira tsiku ndi tsiku zikhale patali ndi khoma.

Njerwa zodyeka za m'munsi zisinthidwe, koma mosamala ndithu. Musagumule mzere wonse nthawi imodzi, pakuti khoma lidzakugwerani. Chirikizani tsindwi, muchotse njerwa pa malo osapitirira mita imodzi, mumangepo, mudumphe malo ena, mubwererenso poyamba paja patauma. Pochita ichi yalani pepala lakuda la pulasitiki pakati pa mizere iwiri ya njerwa pamwamba pa bwalo. Limenelo lidula njira ya madzi okwera.

VI. Ming'alu

Mng'alu ulipo wamoyo ndi wakufa. Wakufa unachitika kale, nuleka, wamoyo ukulabe. Kumata mng'alu wamoyo ndiko kutaya ndalama, pakuti udzatsegukanso. Kuti musiyanitse, lembani chizindikiro ndi pensulo pamene mng'alu wathera, ndi tsiku lake. Mateni kachigamba kopyapyala ka simenti kopingasa mng'aluwo, muyembekeze dzinja limodzi ndi chilimwe chimodzi. Kachigamba kakasweka, mng'aluwo ndi wamoyo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma mng'alu wolowa chala, kapena wooneka kuwala mbali ina, suyembekezedwa. Itanani mmisiri msanga.

Maonekedwe a mng'alu anena chiyambi chake. Woyenda ngati makwerero kuchokera pa ngodya ya zenera kutsikira pansi unena kuti maziko atitimira mbali imodzi. Ichi chichitika kwambiri pa dothi la makande, limene litupa m'dzinja ndi kunyala m'chilimwe, ndiponso pafupi ndi mtengo womwa madzi ambiri monga bulugama. Woima chilili pa ngodya ya nyumba unena kuti makoma awiri sanalumanitsidwe, ndipo ali kulekana. Wa pamwamba pa chitseko unena kuti mtengo wopingasa pamenepo wavunda. Chotsani chiyambi, pamenepo mukonze mng'alu: muchotse njerwa za mbali zonse ziwiri, mumangenso mozilumanitsa monga zala za manja awiri, ndi kugoneka waya pakati pa mizere. Khoma lalitali lopanda lina loligwira pakati limangiridwe mchirikizo wa njerwa kunja kwake.

Tisaiwale kuti dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chogwedezeka ndi zivomezi. Chinachitika ku Salima m'mwezi wa Malichi 1989, ndi ku Karonga m'mwezi wa Disembala 2009, ndipo nyumba zambiri zinagwa. Pa chivomezi choyamba kugwa ndicho khoma losongoka la pansi pa tsindwi, ndi ngodya zosalumana. Chifukwa chake, ngati mwasasula tsindwi lonse, musaphonye mwai umenewo: mangani lamba wozinga makoma onse pamwamba. Pa njerwa zootcha akhale wa konkire wokhala ndi zitsulo mkati, muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inai ya miyala. Pa zidina akhale wa matabwa olimba, okhomedwa bwino m'ngodya. Konkire athiriridwe madzi masiku 7, pakuti alimba ndi chinyezi, si ndi dzuwa ai. Ndipo mphamvu yake ikwanira atatha masiku 28.

VII. Dothi, njereza ndi simenti

Pano ndi pamene anthu ambiri a mtima wabwino aononga nyumba zao. Aganiza kuti simenti ndiyo mankhwala a nthenda zonse, namata khoma la zidina ndi pulasitala wa simenti wolimba. Zaka ziwiri kapena zitatu nyumba ioneka yatsopano. Koma khoma la dothi lifunika kutulutsa chinyezi chake, ndipo litupa ndi kunyala pang'ono ndi nyengo. Simenti ndi youma gwa, silola chinyezi kutuluka, ndipo sitsata khoma posuntha. Tsono ichita timing'alu. Mvula ilowa pa timing'aluto, nisowa potulukira. Dothi lifewa kuseri kwake mosaoneka, kufikira tsiku limene pulasitala agwa chigamba chonse, khoma lili lodyeka kale.

Simenti ya mtundu umene tigula lero ndi chinthu chatsopano pa dziko lapansi: Joseph Aspdin wa ku Leeds analembetsa mapangidwe ake chaka cha 1824. Isanadze, anthu anamanga zaka zikwi ndi dothi ndi njereza. Lamulo labwino ndi ili: chomatira chisalimbe koposa chomatidwa, ndipo chigamba chifanane ndi chovala.

Khoma la zidina limatidwe ndi dothi. Sakanizani dothi la pachulu ndi mchenga ndi udzu woduladula, ndipo ena aonjeza ndowe. Popeza dothi lisiyana mudzi ndi mudzi, yesani poyamba: matani zigamba zitatu za miyeso yosiyana, muziyembekeze ziume. Chong'aluka chachuluka dothi. Choyoyoka pochikhudza chachuluka mchenga. Chapakati ndicho chanu. Nyowetsani khoma musanamate, ndipo mumate mopyapyala kawiri koposa mochindikala kamodzi.

Njereza, imene ambiri aitcha laimu, ichokera ku miyala yootchedwa pa moto wa madigiri ngati 900. Miyala yotere ipezeka m'mapiri a Chenkumbi pafupi ndi Balaka. Muyeso umodzi wa njereza ndi itatu ya mchenga zipanga chomatira chofatsa, chotulutsa chinyezi. Pa njerwa zootcha zolimba mungasakanize muyeso umodzi wa simenti, umodzi wa njereza, ndi 6 ya mchenga. Njereza yosungunula m'madzi ngati mkaka, yopakidwa mopyapyala katatu, iyeretsa khoma ndi kulitchinjiriza osalitsekereza. Ipakidwenso chaka ndi chaka. Koma chenjerani, njereza iotcha khungu ndi maso. Ikagwera m'diso, tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, mupite ku chipatala.

VIII. Chiswe ndi mitengo

Chiswe chikhala m'nthaka, pakuti sichingakhale moyo popanda chinyezi. Pofuna mtengo chimanga timisewu ta dothi pa khoma, kapena chiyenda mobisika m'dothi la pakati pa njerwa, nichidya mtengo mkati ndi kusiya khungu lokha. Tsono nyumba youma m'munsi yagonjetsa kale theka la nkhondo iyi. Chotsani zitsa zakale pafupi ndi nyumba. Nkhuni, mapesi ndi mphasa zisatsamire khoma. Mtengo uliwonse wa nyumba usakhudze dothi: nsanamira za khonde ziime pa mwala kapena pa konkire. Zungulirani nyumba mwezi ndi mwezi, muswe timisewu tonse mutiona, mulondole kumene tichokera. Mitengo yatsopano ikhale youma ndi yonyikidwa m'mankhwala oletsa chiswe. Ndipo mankhwala otere agwiritsidwe monga mwalembedwa pa botolo, kutali ndi chitsime ndi ana.

Mtengo wovunda kumapeto kokha usatayidwe wonse. Mmisiri adule povunda, alumikize chidutswa chatsopano ndi mabauti. Tinena ichi chifukwa mitengo ya m'nyumba zakale siipezekanso mosavuta. Mphuthu ndi zitseko zambiri zakale ndi za mlombwa ndi mbawa, ndipo nyumba zina zili ndi matabwa a mkungudza wa ku Mulanje, umene chiswe sichiudya. Mkungudza umenewu unatchedwa mtengo wa fuko lathu chaka cha 1984, koma chifukwa cha kudulidwa kosalekeza, mitengo yake yaikulu yatsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Wochotsa chitseko cha mlombwa kuti aikepo cha paini wasinthanitsa ng'ombe ndi nkhuku.

IX. Zoopsa zobisika

Nyumba zina zakale, makamaka za m'maesiteti ndi za m'matauni, zinafoleredwa ndi malata otuwa onga simenti, okhala ndi asibesitosi. Akakhala amphumphu, asiyeni. Koma musawacheke, musawaboole, musawaswe, pakuti fumbi lake likalowa m'mapapo libala nthenda yosachiritsika patapita zaka zambiri. Utoto wakale wa pa zitseko ndi mazenera mwina uli ndi mtovu, umene uononga ubongo wa ana; musaukweche uli wouma, koma munyowetse, ndipo ana ndi akazi apakati asakhale pafupi. Zitosi za mileme za m'tsindwi ziwazidwe madzi musanazisese, mutamanga nsalu pakamwa ndi pamphuno. Mawaya akale a magetsi asakhudzidwe ndi munthu wamba. Ndipo pa tsindwi lakale musaponde pakati pa mapaso. Yalani thabwa, mupondepo.

X. Nyengo yake ndi dongosolo lake

Ntchito iyambe mutatha kukolola, m'mwezi wa Meyi kapena Juni, pamene ndalama za zokolola zilipo ndi madzi sanaphwe m'zitsime. Ndipo ithe chizimalupsa chisanagwe. Musasasule tsindwi malata kapena udzu usanafike pakhomo. Ndalama zikachepa, musazigawe pang'onopang'ono pa zinthu zonse, koma tsatani dongosolo ili: choyamba kuchirikiza chofuna kugwa, chachiwiri tsindwi, chachitatu ngalande ndi maziko, chachinai ming'alu, chachisanu kumata, utoto ndi zokongoletsa zidze potsiriza. Ngalande ndi guwa sizifuna ndalama, koma khasu ndi msana. Wopaka utoto nyumba yodontha afanana ndi wodzola mafuta asanasambe.

Ku England, chaka cha 1877, William Morris anayambitsa bungwe la kuteteza nyumba zakale, pakuti anaona amisiri a masiku ake akuziononga poyesa kuzisandutsa zatsopano. Chiphunzitso cha bungwelo chinali chakuti nyumba isamalidwe masiku onse, chovunda chokha chikonzedwe, cholimba chisiyidwe monga chili. Nzeru imeneyi itiyenera ifenso, ndipo ndiyo yotchipa koposa. Amai athu anaidziwa kale, pakuti sanalekerere chaka kutha osazira pansi ndi kumata pogumuka.

Potsiriza tikumbuke iwo amene sangathe kudzichitira okha. Mutu umodzi susenza denga. M'mudzi uliwonse muli gogo wogona pansi pa khoma lopendekeka, amene sangatiuze chifukwa cha manyazi. Anyamata khumi okhala ndi makasu ndi makwerero, ndi amai owaphikira thobwa, angathe tsiku limodzi ntchito imene iye sangaithe chaka chonse. Tisayembekeze kudzasonkhana pa nyumbayo ndi makasu a kumanda.

Mafunso a kukambirana

1. Tchulani adani atatu a nyumba yakale. Kodi woyamba kumgonjetsa ndi uti, ndipo chifukwa ninji?
2. Yesani tsindwi la nyumba yanu m'litali ndi m'lifupi. Kodi lilandira migolo ingati ya madzi pa chaka, ndipo madziwo apita kuti?
3. Kodi mng'alu wamoyo tiudziwa bwanji?
4. Chifukwa ninji pulasitala wa simenti aononga khoma la zidina?
5. Ndi nyumba yotani imene sitiyenera kuikonza?
6. M'mudzi mwanu, ndi nyumba ya yani imene siingapirire dzinja likudzali? Ndani adzapita kukaiona sabata lino?

Amene adziwa kuwerenga awerengere anzao phunziro ili madzulo pabwalo, ndipo mawa lake muyambe ndi chingwe ndi mwala.